Nsichi Yachisanu ya Mabulosi

Sunthirani kuno ndikuuzeni za mkamwini wina wa kwathu, kuseri kwa phiri chakumtunda kwa Ntcheu. Nkhani yake ndikaikumbukira mtima umandiwira mpaka lero, ngakhale mitengo imene anadulayo sinali yanga.

Inali ya Anangozo, mayi wamasiye amene imvi zinali zitawayanga kale. Inali mitengo inayi ya mabulosi, itaima mondondozana kuseri kwa chulu, kumapeto kwa bwalo lawo. Mudzi wonse unkadyerapo. Masamba ake ankathyolera mbuzi ndi mbira, pamthunzi pake amayi ankatongolerapo chimanga, ndipo dzuwa la Okutobala likafika nthambi zinkachita kuda bii ndi zipatso. Koma eni ake enieni anali ana. Ankabwera m'mawa milomo ili yoyera, n'kubwerera madzulo atadetsedwa mpaka m'makutu. Akakhuta ankagwirana manja, n'kumazungulira mitengo yonse inayi akuimba kanyimbo kawo:

Mabulosi afiira, sitidya lero,
Mabulosi ada, tola tidye.
Gwira dzanja, usataye mnzako,
Watsala yekha alowe pakati.

Kanyimboka palibe ankadziwa amene anakapeka. Anangozo sanathamangitsepo mwana ngakhale mmodzi. Ankakhala pakhonde n'kumawerenga timitu tikuzungulira, ndipo nthawi zina milomo yawo inkapitiriza kuwerenga ana atatha kale.

Tsono imvani chimene amuna a m'mudzimo sankachidziwa. Anangozo ali mtsikana anatenga pakati kanayi, ndipo kanayi konseko mwana anabadwa osalira. Kwathu umenewo timati mtayo. Mtayo saulira, saupatsa dzina, sapita nawo kumanda a anthu akuluakulu. Amayi okhaokha amakautaya patchire m'kadzenje kosazama, n'kubwerako chete ngati achokera kotola nkhuni. Mwamuna sauzidwa malo ake, ndipo mayi woyembekezera samuuza nkhani zotero. Nthawi imeneyo kuseri kwa chulu kunali tchire, mudzi unali usanafikeko. Anangozo atapezako mphamvu ulendo woyamba anapita okha kukaona malowo, atatsamira kandodo ka mabulosi kamene anathyola panjira. Pochoka anakazika pansi kuti asadzaiwale. Bulosi sachedwa kugwira: ndodo yake ukangoibaya m'dothi imamera mizu. Anachita chimodzimodzi kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Wachisanu ndiye analira, n'kumutcha Siyireni. Amene ankadziwa za mitengoyo anali Anasoko okha, mzamba wakale amene anakumba timaenje tonse tinayi ndi manja ake.

Siyireni uja anakula, nakwatiwa ndi Fanuwelo Kaliwo. Bambo ameneyu anagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina m'tauni, ndipo chimene anabwera nacho kumeneko ndi malaya oyera asanu ndi limodzi komanso kuyenda konyang'wa. Anangozo anamupatsa malo omanga nyumba pafupi ndi chulu chija. Chaka chisanathe anali atayamba kale kudandaula. Ana akusokosa. Mbalame zikudya mabulosi n'kumanyera malaya ake pachingwe. Mizu idzang'amba maziko a nyumba. Akulu anati mkamwini asamakule mwendo, koma wa Fanuwelo unakula mpaka kufika pamitengo ya apongozi ake.

Mwezi wa Julaye mabulosi amayoyola masamba n'kuoneka ngati auma. Apo ndi pamene Fanuwelo anatuma mkazi wake kwa Anangozo, poti mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso, akakumana panjira wina amapatuka. Siyireni anali ndi pakati pa miyezi isanu, pakati pake poyamba.

“Amayi, akuti akufuna adule mitengo ija amangire mpanda,” anatero Siyireni atagwada pakhonde. “Akuti yauma kale.”

“Siinaume. Ikugona chabe. Ukawauze kuti asaikhudze.”

Siyireni anapita, nabweranso. “Akuti chifukwa chake n'chiyani?”

Anangozo anayang'ana mimba ya mwana wawo. Akanauza ndani? Mwamuna sauzidwa, wapakati sauzidwa. “Ukangonena kuti ndakana ine,” anatero.

Tsiku la msika Anangozo anapita kukagulitsa mtedza. Pobwera masana anaona kumwamba kuli mbee pamalo pamene panali nthambi. Zitsa zinayi zinali zikutuluka utomoni woyera. Fanuwelo anali atavula malaya ake n'kuwapachika bwinobwino pamsomali, akusadza nsichi ndi chikwanje uku akuimba mluzu. Ha! Munthu wobwera dzulo, wosabzalapo ngakhale tsabola pamudzi pa eni, kugwetsa m'mawa umodzi zimene zinakula zaka makumi atatu. Anangozo anatula dengu pansi. Kulira sakanalira, poti mtayo saulira. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo tsiku limenelo moto sanakoleze.

Mawa lake Anasoko anabwera kudzaona zitsa zija. Anaima nthawi yaitali, kenako anatembenukira kunyumba ya Fanuwelo kumene nsichi zinali zitazikidwa kale kuzungulira bwalo.

“Anzanga,” anatero motsitsa mawu, “mwana uyu akuyesa wadula mitengo. Waisamutsa. Waitengera pakhomo pake.”

Mpanda unatha, wa udzu wothithikana, nsichi makumi atatu, ndi chitseko cha malata chokhala ndi loko. Ana akayandikira, Fanuwelo ankawatulukira ndi kamkwapulo. Zitsa zija anazitentha ndi mapesi kuti zisaphukenso. Masana pamudzi panangoti zii, mwakuti ngakhale amene ankadandaula za phokoso la ana anayamba kulisowa.

Chakumapeto kwa Ogasiti, mvula isanagwe ngakhale dontho, nsichi zinayi zinaphuka. Osati zonse makumi atatu ayi. Zinayi zokha, imodzi pangodya iliyonse ya mpanda. Fanuwelo anabudula timasambato. Patapita masiku awiri tinabwerera. Anathirapo madzi owira, anathirapo mchere, anasenda makungwa. Masamba ankangobwerera, obiriwira kuposa kale.

Kenako zinayamba tizinthu tating'onoting'ono. Siyireni akasiya zipande pathandala, m'mawa ankazipeza zitandandalikidwa pansi pa mpanda ngati ana amasewera nazo masanje. Galu wa pakhomopo anasiya kugona m'bwalo, anakumba pansi pa udzu n'kusamukira kwa Anangozo. Lamulungu lina Fanuwelo anachapa malaya ake onse, nawayanika m'kati mwa mpanda, natseka ndi loko. Pobwera kutchalitchi anapeza m'munsi mwa malaya aliwonse muli madontho akuda a mabulosi. Atayang'anitsitsa anaona kuti si madontho. Tinali tizala, tisanutisanu, tating'ono kuposa ta mwana woyamba kukwawa. Ndipo mabulosi anali asanapse kulikonse m'dera lonselo.

Mukuganiza kuti anachita mantha? Anayenda nyumba ndi nyumba malayawo ali m'manja, kukalipira makolo kuti ana awo ndi osaleredwa. Amayi ena anamufunsa kuti mwana wa zala zotere angakwere bwanji mpanda, iye n'kuwayankha kuti asamuphunzitse nzeru. Banga la mabulosi akupsa limachoka ukapakapo aawisi, mwana aliyense kwathu amadziwa zimenezo. Siyireni anathyola tiwisi timene tinayamba kubereka pansichi zija, napaka, nachapa. Tizalato sitinasunthe.

M'mawa wina kukuzizira, Anangozo akuchokera kumjigo ndowa ili pamutu, anakumana ndi bambo wachilendo akukankha njinga ya makala. Bamboyo anaima, nkhope itakwinyika.

“Mayi, pepani, nyumba ya mpanda iyo mukuidziwa mwini wake?”

“Ndi ya mwana wanga. Kwagwanji?”

“Mukawauze kuti zimenezo si zabwino. Kuzizira konseku ana kuwatulutsa panja osavala? Anayi, akhala m'mphepete mwa mpanda mwakachetechete. Ndawapatsa moni sanandiyankhe. Angoti maso pazenera.”

 Bamboyo anakankha njinga yake n'kumapita akupukusa mutu. Anangozo atafika pampanda sanaone mwana aliyense. Mame okha ndi amene anali atafufutika malo anayi paudzu.

Mantha analipo, koma chimene chinakula mwa Anangozo chinali mkwiyo. Ana awo anakhala zaka zonsezi osavutitsa munthu. Anali ndi mthunzi wawo, anali ndi anzawo obwera tsiku ndi tsiku kudzawaimbira. Lero awazula, awatsekera m'mpanda ngati mbuzi, awathira madzi owira, ndipo anzawo akuwathamangitsa ndi mkwapulo. Mwana wosowa wosewera naye amakafuna mnzake kumene angamupeze. Zimenezi ndi zimene zinkawasowetsa tulo, poti m'mpandamo munali mwana mmodzi yekha, ndipo anali asanabadwe.

Fanuwelo, mwa nzeru zake za m'tauni, anali atagula kale shawelo yoyera ya mwana, chinthu chimene kwathu sitichita mwana asanaoneke. Anaionetsa kwa anzake a pabawo. Sabata yomweyo shaweloyo inasowa m'sutikesi yokiya. Anaipeza itakulungidwa pansichi ina, imene inayang'anizana ndi zenera la kuchipinda kumene Siyireni ankagona. Ataichotsa anaona kuti pansi pake nsichiyo yatulutsa kamphukira kamodzi, kofiirira, kosatambasuka.

Siyireni ndiye anabwera kudzanena, akuyenda atagwira msana. Pakati panali patakwana miyezi isanu ndi itatu.

“Amayi, yaphukanso ina. Zakwana zisanu.”

“Wati zingati?”

“Zisanu. Komanso ine sindikupeza bwino. Kukamacha ndimamva ana akuimba kanyimbo kathu kaja panja, koma mawu ake ngati akuchokera m'mtsuko. Akayamba kuimba, uyu m'mimbamu amavinavina. Akasiya, nayenso amangoti chete, mpaka ndimachita mantha. Dzulo wakhala chete tsiku lonse.” Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. “Ndiye bambo akunyumba akuuza anthu pabawo kuti ndinu mukutitamba chifukwa cha mitengo. Akuti akaitana sing'anga adzakuchotseni ufiti.”

Imvani zimenezo. Wadula ndi iye, wazika ndi iye, mfiti n'kukhala mayi amene anamupatsa mkazi ndi malo omangapo.  Anangozo anaperekeza mwana wawo mpaka pachulu, nabwerera, nakhala pamphasa osavula mpango.

Tambala wachiwiri atalira anatuluka. Kum'mawa kunali kutayamba kuyera, ndipo amayi oyamba anali akupita kumjigo. Atayandikira mpanda anaimva nyimbo ija. Inali yapansipansi, yochedwa, ngati ya ana amene anaphunzira mawu pongomvera kwa ena. Udzu wa mpanda unkagwedera motsatizana, kuchoka pangodya ina kupita pa ina, ngati pali chokhudza chikuzungulira m'kati. Mphepo kunalibe. Mizere itatu yoyamba inali yomwe ija. Wotsiriza unali utasintha:

Ali m'nyumba atuluke tisewere.

M'nyumbamo Siyireni anabuula.

Anangozo anatola mwala n'kumenya chitseko cha malata mpaka loko anathyoka. Chiyambire ukwatiwo anali asanapondepo pabwalo la mkamwini wawo. Nyimbo inaduka. Fanuwelo anatuluka ali ndi kabudula yekha, ndipo ataona kuti ndi apongozi ake anatembenuza nkhope mwamwambo, n'kuyamba kulankhula moyang'ana khoma.

“Siyireni, tawafunsa amayi kuti—”

“Musatume munthu! Tembenukani mundiyang'ane, a Kaliwo. Ulemu umenewo ndi umene watifikitsa pano. Ndati ndiyang'aneni!”

Anatembenuka. Amayi a kumjigo anali atatula ndowa, ataunjikana pachipata. Anasoko analinso pomwepo.

“Munafunsa chifukwa, eti? Lero muchimva, ndipo amene akuti ndalaula mudzi anene. Pansi pa zitsa munatentha zija pali ana anga. Anayi! Ndinawanyamula miyezi isanu ndi inayi aliyense, ndinawabereka ndi ululu womwewo umene anakuberekerani mayi anu, ndipo anandiletsa kuwalira. Dzina sanalandire. Nsalu sanavale. Chimene ndinawapatsa ine mayi wawo ndi kamtengo basi, kuti mbalame zidziteramo, anzawo adzibwera. Inu mwabwera ndi malaya anu asanu ndi limodzi, mwaona kuti malayawo aposa ana anga. Mwawatenga nokha paphewa, mwawazika pakhomo panu, mwawatsekera. Ndiye mfiti ndine? Werengani nsichizo! Ine ndinataya anayi. Yachisanuyo ndi ya yani?”

Fanuwelo anayang'ana kamphukira kaja. Usiku umodzi wokha kanali katatambasula masamba awiri. Anayang'ana zenera. Kenako anakhala pansi pafumbi, kukamwa kuli yasa.

Apo ndiye Anangozo analira. Analira maliro anayi a zaka makumi atatu, mokweza, dzuwa likutuluka, pamaso pa mwamuna. Amayi ena anagwira pakamwa. Anasoko, amene kale anawatseka pakamwa ndi dzanja lawo kanayi konse, sanawaletse. Anangolowa m'bwalo n'kuyamba kuzula udzu wa mpanda ndi manja. Amayi enawo ataona anathandiza. Posakhalitsa panatsala nsichi zokhazokha.

Pansichi zinayi zija panali mabulosi, akuda bii, ochuluka kuposa mmene timitengo tating'ono chotero tingaberekere. Anangozo anapukuta nkhope, naima pachulu, nakuwa ndi mawu osasa: “Ana inu! Mabulosi apsa! Bwerani!”

Poyamba anabwera atatu, akusuzumira ngati mkwapulo ulipo. Kenako khumi. Kenako mudzi wonse wa ana, ena makolo akuwakoka kuti abwerere. Anatola, anadya, anadetsa milomo. Atakhuta, popanda wowauza, anagwirana manja kuzungulira nyumba ya Fanuwelo n'kuyamba kanyimbo kawo, mokweza, mothamanga, monga mwa masiku onse.

Anangozo anayamba kuwerenga timitu monga ankachitira pakhonde. Ndipo anaona chimene amayi onse anaona, koma palibe anachitchula. Bwalo la ana linali ndi mipata inayi. Pampata uliwonse mwana wa uku ndi wa uko anali atatambasula dzanja, chakumunsi, zala zitapinda ngati agwira kanthu. Ankazungulira choncho, mipatayo osatsekeka, anawo akuseka osaona chachilendo.

Siyireni anatuluka atatsamira chitseko, dzanja lili pamimba. “Amayi,” anatero, “wagunda. Akugunda mwamphamvu.”

Pofika madzulo timasamba ta nsichi yachisanu tinali titafota. Mawa lake tinayoyoka, ndipo nsichiyo inauma n'kudyedwa ndi chiswe ngati zinzake zonse.

Musayese kuti Fanuwelo anapita kukagwada kwa apongozi ake. Anthu otere kupepesa kumawawawa kuposa dzino. Anangosiya kutchula za sing'anga, mpanda sanaumangenso, ndipo m'mawa ankaoneka akuthirira mitengo inayi ija poyesa kuti palibe akumuona. Masiku ano akakhala pabawo amauza alendo kuti mabulosi a pakhomo pake anabzala yekha. Ine ndikamva zimenezo ndimachokapo, kuopa kuchimwa.

Patatha masabata atatu Siyireni anachira kuchipatala, mwana wamkazi, wolira mwakuti anamva ndi a panja. Atabwera naye kumudzi, Anasoko anapita kukamusambitsa. Potambasula kadzanja kamanja anapeza pachikhatho pali banga lakuda mofiirira, la tizala tinayi. Anatuma munthu kukathyola mabulosi aawisi, napaka, natsuka, napakanso. Banga lili pomwepo.

Anangozo anawagwira mkono.

“Musiyeni, anzanga, mumupweteka. Silichoka limenelo.” Anatenga kadzanjako n'kukafumbata m'manja mwawo. “Anali atamugwira kale dzanja. Anachita kumusiya okha.”